Sefa Yachitatu ya Arsénio

Arsénio anabadwira ku Lione m'nyengo ya chisanu, nyemba zili padzuwa. Mayi ake ankanena kuti mwanayo analira koyamba anthu akupuntha makoko pabwalo, moti palibe amene anamumva. Mwina n'chifukwa chake wakhala moyo wake wonse akufuna kumveka iye poyamba.

Anabwera ku Lichinga kudzaphunzira sekondale, ndipo ankakhala kwa amalume ake ku Assumane. Sukulu sanaimalize. Anaphunzira kukonza mafoni pa banka, kamalo ka malonda, ya munthu wina kumsika, kenaka anatsegula yake: thebulo, nyale, ndi chitini cha tizitsulo. Kompyuta yake yoyamba inali ya munthu amene anaisiya kuti ikonzedwe koma osabweranso. Pa kompyuta imeneyo anadziphunzitsa kulemba mapulogalamu anthu akasowa pa banka, zala zitauma ndi mphepo, nkhungu itakwirira mitengo ya paini mpaka dzuwa kukwera. Anakwatira Rosália, mayi wogulitsa nsalu za makapulana, ndipo Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, Estela.

Panali bungwe lina la alimi a nyemba lomwe ofesi yake inali zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya mbewu. Mkulu wake anali dona Elisabete. Iwo ankafuna tsamba la pa intaneti loti alangizi akumidzi azilembapo pa foni zimene mlimi aliyense wakolola, ofesi iziona kuchuluka kwake, n'kudziwa kukula kwa kamiyau, galimoto ya katundu, yoti iitanitse kwa ogula. Arsénio anati angathe. Anamanga tsambalo pa pulogalamu yokonzedwa kale ndi anthu ena, imene a ntchitoyi amaitcha fulemuweki. Nsichi ndi mapaso zimabwera zoimika kale, iwe umangomata dothi ndi kufolera.

Vuto linali pa kabokosi kolembamo zokolola. Arsénio ankayembekeza nambala. Koma munthu wa ku Lione sangaponyere mkulu nambala yokhayokha ngati akuponyera galu fupa. Amayamba wapereka moni. Mlangizi wa dera lalikulu kuposa onse, Emílio, ndiye ankaposa anzake, chifukwa aphunzitsi ake anamuuza kalekale kuti cholembedwa chilichonse chimayamba ndi tsiku. M'kabokosi kaja ankalemba chonchi: “Bon diya shefe, mwadzuka bwanji kumeneko. Lero diya 9. Kuno masaku 2 ndi lata 1. Zikomo.” Ankachita zimenezi kwa mlimi aliyense, osatopa.

Arsénio sanafune kuletsa anthu a kwawo kupereka moni. Analemba sefa. Pa ntchito imeneyi sefa ndi mizere ya malamulo imene imalandira zimene munthu walemba, n'kuchotsa zosafunika, n'kupereka zoyera zokha. Sefa yake inali imodzi, ndipo inkakula chaka ndi chaka ngati dzungu lotambalala. Vuto likabuka ankawonjezera mizere pansi. Ya pamwamba anasiya kuiwerenga, monga munthu saonanso maziko a nyumba yake. Chimene ankachikonda chinali pakati, pamene masaku ndi lata zinkasanduka makilo. Anapita yekha ku Lione ndi sikelo yobwereka kukayeza lata, chitini chachikulu cha mafuta, yodzaza mosefukira ndi yodzaza mofanana ndi mlomo. Akati “sefa yanga,” ankanena za pamenepo.

Zuleha anafika m'chilimwe, mitengo ya m'tchire itaphuka masamba ofiira, fumbi likulowa ngakhale m'kabati yotseka. Anali mwana wa asodzi a kunyanja, anaphunzira za makompyuta ku Nampula, ndipo ankakhala kwa azakhali ake ku Lulimile. Dona Elisabete anamulowetsa m'chipinda atamugwira dzanja, ndipo sanabise kanthu.

“A Arsénio, uyu ndi Zuleha. Mugwirira limodzi mpaka tikolole. Tikakolola bungwe lidzasunga munthu mmodzi yekha wosamala tsambali. Awiri sitingathe.”

Arsénio anamusunthira mpando. Mtsikanayo anatsegula sefa ija, n'kuyamba kutsika ndi chala. Anatsika, n'kutsikabe.

“Tiyu Arsénio, iyi ndi sefa kapena ndi nsato yomeza mbuzi?”

“Imagwira ntchito.”

“Ikugwira, sindikukana. Koma mukagona ndi malungo ndani angaigwire kumchira?”

“Sindidwala malungo. Kuno n'kozizira, udzudzu uli kwanu kunyanja.”

Zuleha anaseka mpaka kudzigwira pakamwa ndi nsonga ya mpango. Arsénio sanaseke. Mawu akuti tiyu ndiwo anamutsalira m'khutu. Sanadzione ngati wafika msinkhu woti mtsikana wa dipuloma azimutcha malume.

Mvula isanagwe, Zuleha anaidula sefa ija panayi. Fulemuweki inkalola kulumikiza masefa ngati unyolo, ndipo iye anachita zomwezo. Yoyamba inkachotsa moni, tsiku ndi zikomo. Yachiwiri inkachotsa zizindikiro zimene munthu woipa angabisemo malamulo owononga tsamba. Yachitatu inkasandutsa masaku ndi lata kukhala makilo. Yachinayi inkaona ngati chotsalacho ndi nambala yeniyeni. Iliyonse inkalandira zimene inzake yasiya, n'kuchita ntchito yake imodzi, n'kupatsira yotsatira. Pamsonkhano anajambula pabolodi mabokosi anayi ndi mivi pakati pake.

Dona Elisabete anaomba m'manja. “Tsopano ndamva! Zaka zonsezi ndimangogwedeza mutu a Arsénio akamafotokoza.”

Anthu anaseka. Arsénio anayang'ana bokosi lachitatu. Linali laling'ono ngati anzake.

Kunyumba Rosália anali atamva kale. “Bambo a Estela, akuti mwana uja ndi wanzeru eti? Dona Elisabete amamutama ngakhale pakhomo pa tchalitchi.”

“Wadula nkhuku yanga, wayala ziwalo pa mbale, ndiye akuti waphika.”

“Nanga inu mwakhala chiwalo chiti?”

“Chachitatu.”

“Ndiye kuti ntchafu. Ntchafu ndi yabwino, bambo. Ena amapatsidwa khosi.”

“Iwe ukuseka, koma yoyamba ndi imene anthu amaiona.”

Pamenepo sananame. Dzinja lonse anthu ankakamba za sefa yoyamba. Dona Elisabete ankauza alendo kuti tsamba lawo ndi laulemu, limalandira moni wa mlimi. “Sefa ya Zuleha,” ankatero. Alangizi amene kale ankaimbira Arsénio anayamba kuimbira mtsikanayo. Emílio ankamutcha enjinyeira, mawu amene sanawanenepo kwa Arsénio ngakhale mwanthabwala. Arsénio ankamva zonsezi mvula ikuomba denga la ofesi, ndipo analumbira mumtima kuti sefa yoyambayo sadzaitsegula. Sanafune kuona nzeru za mwana wa eni ndi maso ake. Ankatsegula yachitatu yokha, n'kumaipukuta, kusintha dzina apa, kuwongola mzere apo.

Ankakumbukira madimba a ku Lione m'chilimwe. Wa kumtunda kwa mtsinje amathirira poyamba, madzi ali mbee. Wa kumunsi amadikira, ndipo chimene chimamufika ndi matope ndi masamba a anyezi a mnzake. Iye amene anakumba ngalande yonse anali atakhala wa kumunsi.

Ankayang'ananso zinthu zazing'ono. Momwe Zuleha ankalembera osayang'ana zala. Momwe ankatsekera kompyuta nthawi ya swala, pemphero la Chisilamu, n'kubwerako ali ndi yankho la vuto limene iye analisiya dzulo. Tsiku lina mtsikanayo anamubweretsera mandazi, ndipo Arsénio anadya akufunafuna chimene chalakwika ndi mandaziwo. Sanachipeze, ndipo zimenezo zinamuwawanso.

Chaka chimenecho mvula inathawa msanga, nyemba zikuchita maluwa. Arsénio anapita kumudzi pa Pasaka ndipo anaona yekha munda wa mlongo wake, makoko opyapyala, ena opanda kanthu mkati. Aliyense wodziwa nthaka ankadziwa kuti nkhokwe sizidzadza.

Chisanu chitayamba, alimi akupuntha, Zuleha anapempha kupita kunyanja ku ukwati wa mchimwene wake. Anamanga chikwama n'kuima pakhomo.

“Tiyu, unyolo ndausiya bwino. Inu muzingouyang'ana.”

“Ngati mlonda.”

“Ngati mwini wake, tiyu. Ndikubweretsereni usipa?”

“Usadzivute.”

Masana a tsiku lotsatira ofesi inali zii. Dona Elisabete anali kunja, dzuwa lofooka likulowa pa zenera. Arsénio anatsegula pamene pamalembedwa ndondomeko ya unyolo. Panalibe zambiri: maina anayi a masefa, lina pansi pa linzake. Anayang'ana nthawi yaitali. Anadziuza kuti kusandutsa masaku ndiyo ntchito yeniyeni, zinazo n'kusesa pabwalo. Anadziuzanso kuti dona Elisabete akamadzasankha, adzafunsa kuti unyolo umayamba ndi ya ndani. Anatenga dzina lachitatu n'kulikweza pamwamba.

Sanali munthu wosasamala. Anayesa. Analemba m'kabokosi “masaku 2 lata 1,” ndipo makilo anatuluka olondola. Anayesanso ndi nambala zina, zonse zinatuluka bwino. Chimene sanachite n'kupereka moni. Zaka za m'tauni zinali zitamuchotsera chizolowezi chimenecho pamaso pa makina.

Sefa yake inali ndi khalidwe limodzi. Nambala yoyamba imene yakumana nayo inkaiyesa masaku, yachiwiri n'kuiyesa lata. Ili pachitatu sinkalakwa, chifukwa inkalandira mawu ochotsedwa kale tsiku. Tsopano inali pakhomo, ndipo woyamba kugogoda anali Emílio. “Bon diya shefe. Lero diya 14. Kuno masaku 2.” Sefa inamva masaku khumi ndi anayi. Inapereka makilo kwa inzake ija yochotsa moni, imene sinapeze moni woti ichotse. Yachinayi inaona nambala yeniyeni, n'kuvomera.

Mwezi unkapita, ndipo zokolola za ku Lione zinkakwera nawo limodzi. M'mawa uliwonse alimi a Emílio ankaoneka olemera kuposa dzulo. Arsénio akanatsegula maina mmodzimmodzi akanaona kuti anthu onse a tsiku limodzi akolola mofanana, wamasiye ndi wa ng'ombe chimodzimodzi. Koma ankangoyang'ana chiwerengero cha pansi, cha onse pamodzi.

Dona Elisabete anaima kumbuyo kwake, magalasi ali pamphuno. “A Arsénio, izi n'zoona? Ndi mvula ija?”

Arsénio anakumbukira munda wa mlongo wake. Anakumbukiranso kuti aka kanali koyamba chaka chino kuti mayiwa amufunse iye kanthu.

“Nthaka ya kwathu sinamiza, dona. Ndakonzanso pang'ono ndi pang'ono mkatimu. Tsopano tsamba likuwerenga bwino.”

“Ndiye tiitanitse yaikulu.”

Kamiyau inachokera ku Cuamba, yaitali, ya matayala ambiri, yoti pokhota inkatseka msewu wonse. Arsénio anavala jekete la ku tchalitchi n'kukwera kutsogolo ndi dalaivala. Mwera unkaomba, udzu unali utauma, ndipo uku ndi uku utsi wa lupsa loyamba unkakwera. Atafika ku Lione anapeza alimi atakhala pakhonde la sukulu, masaku ataunjikidwa pansi pa mtengo wa mango. Mulu wake munthu wamtali akanatha kuona mnzake kuseri kwake.

Dalaivala anatsika, n'kuzungulira muluwo kamodzi. “Achimwene, izi ndi nyemba kapena ndi zolawitsa? Zenizeni zili kuti?”

“Zonse ndi zimenezi,” anatero Emílio, bambo woonda wovala chipewa cha ubweya. Anatembenukira kwa Arsénio. “Shefe, bwanji mwabwera ndi nyumba yonse? Ine ndinayesa mubwera ndi kagalimoto kaja.”

“Iwe unalemba masaku ambiri.”

“Ine? Ayi, ine ndimalemba zoona. Taonani.” Anatulutsa foni yosweka galasi. “Bon diya shefe, mwadzuka bwanji. Lero diya 19. Kuno saku 1. Zikomo. Palakwika pati? Moni ndapereka, tsiku ndalemba.”

Arsénio anawerenga, n'kuwerenganso. Mphepo inkamulowa m'jekete.

“Palibe polakwika,” anatero.

Pobwerera masaku ankatsetsereka pakona ya kamiyau, n'kumagunda chitsulo pa dzenje lililonse. Dalaivala anatukwana njira yonse, m'Chipwitikizi ndi m'Chimakua, ndipo atafika m'tauni anakatukwananso mu ofesi. Wogula wa ku Cuamba anaimba foni kunena kuti chaka chamawa bungwe lidzipezere lokha galimoto.

Zuleha anabwera zikhatho zake zikadali ndi zokongoletsa zolembedwa pakhungu ku ukwati, atanyamula timapepala ta usipa ta aliyense. Ka Arsénio anakaika pa thebulo lake ngakhale anali atakana. Atamva nkhani ya kamiyau anakhala pansi, n'kutsegula ndondomeko ija. Sanachedwe. Anadikira kuti dona Elisabete atuluke.

“Tiyu, tabwerani kuno.”

“Ndikumva ndili konkuno.”

“Ayi, bwerani muone. Munaitsegulapo iyi?”

Inali sefa yoyamba. Arsénio anayandikira monyinyirika. Mizere yake inali yochepa, yolembedwa mosalongosoka, maina a zinthu osakanikirana Chinyanja ndi Chipwitikizi. Pamwamba panali mawu amene wolemba amadzisiyira, osawerengedwa ndi makina: “Apa tikulandira moni wa Emílio ndi tsiku lake, kenaka tiwaperekeze mwaulemu.”

Anawazindikira. Anawalemba yekha pa banka ija, chaka chimene Estela anayamba kuyenda.

“Ine sindinalembe kanthu apa,” anatero Zuleha. “Ndinadula pamwamba pa nsato yanu n'kuika pakhomo. Yachiwiri yokha ndi yachinayi ndiye zanga, ndipo zimenezo aliyense amazidziwa. Ndinawauza dona kawiri kuti yoyamba ndi yanu, koma iwo akagwira dzina sasiya.”

“Bwanji sunandiuze ine?”

“Ndimayesa mumadziwa mwana wanu. Munali woyamba kale, tiyu. Mwadzichotsa nokha pamzere kuti mudzilowe m'malo.”

Arsénio anafuna kuti mtsikanayo aseke, kuti apeze chomudera. Zuleha sanaseke. Anabwezera dzina lija pachitatu, n'kutseka kompyuta.

Tsamba limasunga amene wasintha chinthu ndi nthawi yake, ndipo dona Elisabete anafunsa kuti aone. Sanakalipe. Anamuitana Arsénio m'chipinda chawo, n'kumuthirira tiyi.

“A Arsénio, mwatithandiza zaka zambiri.”

Munthu akayamba ndi zaka, zotsalazo umazidziwa. Arsénio anamwa tiyiyo mpaka kumaliza, anathokoza, n'kutenga sikelo ya eni imene inali ikadali pansi pa thebulo lake kuti akabweze.

Lero ali pa banka yake kumsika, pakati pa wogulitsa mabatire ndi wosoka nsapato. Tsitsi layamba imvi m'mbali. Amakonza mafoni bwino kuposa aliyense mumzerewo, ndipo akamva kuti wina watsegula banka yatsopano amatuma Rosália kuti akadutseko aone ngati kuli anthu. Rosália amapita, n'kubwera n'kunena kuti kunalibe, ngakhale kunali.

Mvula yoyamba itagwa, fungo la dothi lili ponseponse, masuku atayamba kufika m'madengu, Zuleha anabwera ndi foni yosweka galasi.

“Tiyu, mwaswera bwanji? Mundichitire chifundo, yagwa pa simenti.”

“Ndaswera. Enjinyeira sangasinthe galasi?”

“Enjinyeira ali ndi zala za msodzi.” Anakhala pa benchi. “Dzina lanu ndalilemba pamwamba pa yoyamba ndi pa yachitatu. Aliyense wotsegula amaliona.”

“Kuti anthu azikutcha wamtima wabwino.”

“Eya, n'cholinga chomwecho. Mwandigwira.”

Arsénio anatenthetsa galasi, n'kuyamba kulinyamula ndi kampeni kopyapyala. Sanakweze maso.

“Emílio akuperekabe moni?”

“Wawonjezera. Tsopano amafunsanso za azakhali anga. Koma ndaika sefa ina yachisanu. Ikaona kuti alimi ambiri a tsiku limodzi akolola mofanana, imaima n'kufunsa munthu.”

Kampeni kanaima. Arsénio anaiona sefayo m'mutu mwake, yonse, mizere yake yochepa, ndipo inali yabwino.

“Imeneyo ndikanaiganiza ine.”

“Ndikudziwa, tiyu.”

Kunja mvula inayambanso, amayi a masuku akuthamangira kukhonde. Arsénio anapukuta galasi latsopano ndi nsalu, n'kuliika, n'kulikanikiza m'mbali ndi zala zazikulu.

“Waiika pati pa unyolo?”

“Pomaliza.”

“Bola,” anatero Arsénio, n'kumupatsa foni.